Tsamba pa Buluku la Apongozi

Ine ndi amene ndinaphunzitsa Singano kusoka, ali ndi mano awiri okha m'kamwa. Chabwino, ndanama. Batani likathothoka pa malaya anga ndimangomanga ndi waya. Koma ndine malume ake, ndipo pamenepo palibe angandichotse.

Singano ndi mwana wa mlongo wanga. Dzinali tinamupatsa chifukwa cha kuonda: akaima chammbali mumaganiza kuti wachoka. Amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa makina akale opalasa ndi mapazi, ndipo ntchito imene atelala anzake amaithawa, yoika zigamba, iye ndi imene amaikonda.

Tsiku lina anatsamiritsa foni pa chitini cha mabatani n'kuyamba kudzijambula akusoka. Uthenga wake unali umodzi: chovala chikang'ambika musataye, ikani chigamba, ndipo chigambacho musachibise. Oonera makanema oyambawo anali mayi ake, ine, ndi munthu wina amene ndikukhulupirira kuti anangodina molakwitsa.

Ndiye mwamuna wake anabwera ndi jumbo la zovala zoti akonze. Pamwamba panali buluku lotuwa, lotha kumbuyo mpaka dzuwa kumaonekera. Singano sanafunse. Anangoti ndi la bambo wa kunyumba, amene akafika pa sofa amamera mizu. Analikweza pamaso pa foni, napisa chala pabowo, n'kunena akuseka kuti buluku likatha chonchi ndiye kuti mwiniwake ntchito yake ndi kukhala, kuti kwawo ali naye mmodzi wotero, mpando ukangomuona umayamba kulira. Kenako anasokapo chigamba chobiriwira chooneka ngati tsamba, chokongola zedi.

Kanemayo anathawa ngati wachita kubedwa. Amayi anatumizirana m'magulu awo, ana asukulu anaikamo nyimbo, atelala akutali anayamba kusoka masamba pa mabuluku a anthu. Ine ndinamva kuti ngakhale opanda foni anaonera. Singano ankayenda ngati sakuponda pansi.

Koma bulukulo silinali la mwamuna wake. Linali la apongozi ake aamuna, munthu amene Singano salimba mtima kuwayang'ana kumaso, amene anayendetsa malole moyo wawo wonse mpaka msana unapindika. Mpando umene unadya bulukulo ndi womwewo umene unaphunzitsa mwamuna wa Singano sukulu. Madalawo alibe foni ya makanema. Analandira buluku lawo mokondwa, n'kumauza aliyense kuti mpongozi wawo ali ndi manja.

Analivala popita kuchipatala kukaonetsa msana uja. Pamzere anthu anayamba kukodolana. Mtsikana wina anawapempha kuti atembenuke awajambule. Pobwerera, kondakitala wa basi anawalozera malo n'kuwauza kuti akhale pang'onopang'ono, mpando ungalire. Basi yonse inaphulika ndi phwete. Mayi wina amene anakhala nawo pafupi anawamvera chisoni, nawaonetsa kanemayo. Akuti anaonera mpaka kumapeto, nabweza foniyo ndi manja awiri, natsika asanafike kwawo.

Singano atamva anafufuta kanemayo, koma kunali ngati kukolopa pabwalo mvula ikugwa. Kanemayo anali kale m'matumba mwa anthu amene sadzakumana nawo mpaka kufa. Singano kudya anasiya, moti anaonda kufika poti tinkamufunafuna ali pompo. Mwamuna wake ankangomuyankha kuti eya kapena ayi. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti apongoziwo sanakalipe, sanatumenso mawu, ndipo iye sanadziwe ngati adzalowanso m'nyumba mwawo ngati mwana wawo. Ankanyamuka kuti akapepese, akafika pageti n'kubwerera.

Ndinamupeza m'mawa wina pakhonde losokera lija, mutu uli pansi, akusomola ulusi pa nsalu imene anaiika pamiyendo. Ntchito ya malume ndi kutonthoza, ndiye ndinagwiritsa luso limene ndili nalo. Ndinamuuza kuti asiye kudzizunza, ndangosiyana kumene ndi apongozi ake pasiteji ya basi, atavala buluku lomwelo, akuseka mpaka misozi, akutembenukira aliyense wofuna kuona tsamba. Ndinawonjezeranso kuti madalawo akuti awasokere tsamba lina pabondo.

Singano sanadzutse mutu. Anatambasula nsalu ija pamwamba pa makina. Linali buluku lotuwa, tsamba litachoka theka.

"Malume," anatero motsitsa mawu, "apongozi ali kuseri kwa katani yoyesera zovalayo. Akanatha kupita kwa telala wina, koma abwera kwa ine. Akudikira ndichotse ichi ndiike chosaoneka. Ndiye tandiuzani, pasitejipo mwakumana ndi ndani?"