Kalongonda wa Fainala

Pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Wimbe palibe amene samudziwa Fainala, tenanti wochokera ku Phalombe. Mayiyu pakamwa pake sipauma. Akayamba nthabwala m'chigafa, ngakhale kapitawo amaiwala chimene wabwerera. Koma ngakhale ankaseka choncho, mumtima ankasowa kwawo.

Chinkamupweteka kwambiri n'kudya yekha kalongonda, nyemba zija Alhomwe amaziphika n'kutaya madzi, kuphikanso, mpaka dzuwa kupendeka. Anzake a ku Kasungu ankangosuzumira mumphika n'kuthawa, ati zimapengetsa. Fainala anatopa nazo, mpaka anauza mwamuna wake, Ephraim, kuti fodya akangogulitsidwa iye wa ku Phalombe basi.

Consolata, mnzake wogulitsa kaunjika pa Mtunthama, ndiye anamuonetsa hashitagi pa Fesibuku.

"Kachizindikiro kangati mpanda aka mukakaika kutsogolo kwa mawu," anatero Consolata, "zonse zimene anthu alemba ndi mawu omwewo zimasonkhana malo amodzi."

"Ohoo! Ngati kumanga ndindi," anayankha Fainala. "Masamba ofanana, mtolo umodzi. Bwanji simunanene kale?"

Abale, chinthu chikalowa m'manja mwa Fainala! Mbuzi ikadya chimanga, #mbuzi. Mutu ukamuwawa, #mutu. Consolata anachita kudandaula kuti waphunzitsa munthu wolakwika.

Tsiku lina anaphika kalongonda, najambula mphikawo panja, n'kulemba #kalongonda. Anamuyankha Alhomwe a ku Blantyre, ena a ku Joni, onse malovu m'kamwa koma onse kutali. Kenako mayi wina dzina lake Anesi analemba: "Chigafa chili kumbuyoko ndikuchidziwa. Ndili pa esiteti ya tsidya la dambo. Musamalize."

Lamulungu atatuluka kutchalitchi, Anesi anatulukira atanyamula mbale yopanda kanthu. Fainala anangoti kukamwa yasa. Mayi yemweyu ankakumana naye kuchigayo zaka zonsezi, kupatsana moni mwaulemu, aliyense kuyesa mnzake ndi mwana wa ku Kasungu konkuno. Anesi atamulonjera m'Chilhomwe, Fainala wa pakamwa posauma uja analira. Kenako anaseka, ndipo mphika unatha osatsala kanthu.

Mlendoyo atapita, Ephraim anafunsa mwamantha za ulendo wa ku Phalombe uja.

"Ulendo wake uti?" anatero Fainala. "Inu bambo, chaka chamawa mundisiyireko mizere kumunda. Odya kalongonda tachuluka."