Maeskudu Amene Amayi Anakwecha

"Tseka pakamwa, galu iwe! Wakufunsa ndani?"

Anandikalipira chonchi ndi amalume anga, a Fabiyano, pakati pa msika wa ku Tsangano, anthu onse akuona. Ndinali nditangomutchula wakuba munthu wamkulu wovala nsapato, ndipo khutu langa lakumanzere limaikumbukabe mbama imene inatsatira mawuwo. Koma ndiyambe ndi chimene chinatifikitsa pa tebulo la munthuyo.

Chinali chilimwe choyamba chibwerereni kwathu kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Tinabwera amayi, ine ndi kamlongo kanga Rozina. Atate tinawasiya m'manda ku Ntcheu. Mudzi wathu wa kufupi ndi Ntengo-Wambalame tinaupeza uli thengo. Pamene panali nyumba panamera nsenjere ndi chisoso, ndipo m'munda munali mitengo yonenepa kuposa ntchafu yanga. Tinkagona m'chisakasa chofolera ndi pulasitiki ya ku kampu ya othawa nkhondo. Ndimakumbuka fungo la lupsa, mphepo ya m'mapiri yoboola bulangete, ndi mwaye wa tchire wolowa mpaka m'mano. Chimanga cha thandizo chinali kutha, mbewu tinalibe.

Amalume, monga eni mbumba, sanabise mawu. Anati ngati chogulira mbewu ndi chakudya sichipezeka mvula isanagwe, ine ndipita ku Chidzolomondo kukagwira ntchito m'munda wa fodya wa munthu wina, malipiro ake chimanga chopita kwa amayi. Nthawi imeneyo shikola, sukulu ya m'mudzimo, inali itangotsegulidwa pansi pa mtengo, ndipo ine ndinali nditayamba kale kukhala pa njerwa yanga kutsogolo.

Apa m'pamene amayi anaulula za chitini. Atate ali mnyamata anagwirapo ntchito m'sitolo ya Mpwitikizi, ndipo maeskudu, ndalama zachitsulo za Apwitikizi zimene ankalandira, sanawataye ngakhale boma litasintha ndalama. Tisanathawe anawaika m'chitini n'kuwakwirira pansi pa mpoza, kuseri kwa nkhokwe. Tinakumba ndi mtima uli m'mwamba, chifukwa masiku amenewo khasu linkatha kugunda bomba. Chitinicho tinachipeza chitadyeka ndi dzimbiri. Ndalamazo zinali bii ngati nyemba zopserera, zonunkha dothi lonyowa.

Tsiku la msika ku Tsangano kunkabwera munthu wina wa ku Tete wogula ndalama zakale. Dzina lake sitinkalidziwa, aliyense ankangoti Patarawu, ndiye kuti bwana. Amalume anatenga ndalama imodzi yokha kukamuonetsa, ndipo anabwera akuseka, koyamba chibwerereni. Anati munthuyo wanena kuti ndi pulata yeniyeni, imene ku Malawi ankati siliva, ndipo walipira bwino moti zonse zikagulidwa pa mtengo womwewo, za Chidzolomondo tiiwale. Atatero anapita kwawo kukadula mitengo ya nyumba.

Amayi anga anali munthu wodana ndi uve. Ku kampu, kumene anthu ankakhala ngati mbuzi m'khola, mapoto awo ankawala moti azimayi anzawo ankawaseka kuti akufuna kukwatiwa ndi mzungu wogawa ufa. Iwo ankangoti umphawi si litsiro. Tomato wogulitsa ankamupukuta mmodzimmodzi. Ndiye atayang'ana mulu wakuda uja pa lichero anapukusa mutu.

"Munthu wolemekezeka ungamuikire zinthu zotere m'manja? Adzati ndife anthu otani? Thamanga kudambo, ukatape mchenga wosalala."

Anakwecha tsiku lathunthu. Phulusa, mchenga, ndimu, ndi chitsononkho chopukutira. Ankagwira ndalama iliyonse ngati akusambitsa khanda, kuitembenuza, kuitsukuluza, kuiyanika pa kapulana, chitenje chawo chovala. Pofika madzulo nsonga za zala zawo zinali zitang'ambika, ndimu akulowa m'mabala, koma ankaimba nyimbo ya kutchalitchi. Ndalamazo zinawala mpaka kuthobwa m'maso. Rozina ankayesa kudziona nkhope m'menemo. M'chilimwe chonsecho, tsiku limenelo lokha ndi limene ndinaona mano a amayi.

Pa msika wotsatira ndalamazo, zomangidwa m'nsalu, ndinanyamula ndine, amalume ali patsogolo. Patarawu anali atakhala pa katebulo kake pafupi ndi ogulitsa mbatatesi. Pa tebulopo panali mwala wosalala, maginito, kagalasi kokulitsa zinthu ndi balansa yaing'ono yoyezera kulemera. Anamasula nsalu ija n'kuyang'anamo. Kenako anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mayo ine. Wachita zimenezi ndani?"

Amalume anayankha monyadira kuti ndi mlongo wawo. Munthuyo anangoyamba ntchito. Ankagwetsa ndalama imodziimodzi pa mwala uja n'kutchera khutu. Zina zinkalira motalika, kuti ngiii, ngati kabelu ka pa misa. Zimenezo ankaika kumanja. Zina zinkalira mwachidule, ndipo akayandikiza maginito zinkadumphira n'kumamatira. Anati izo si pulata, ndi za zaka zomaliza za Apwitikizi, pamene anayamba kuumba ndalama ndi chitsulo wamba. Imodzi inangoti phi, ngati chibuma. Anaikanda ndi chikhadabo, chinasiya mzere. Anati ndi mtovu, wina anawapusitsa atate kalekale, n'kuikankhira pambali.

Kenako anatulutsa m'thumba la malaya ndalama yakuda ija anagula poyamba, yokulungidwa m'kapepala, n'kuiika pafupi ndi yowala. Anapatsa amalume kagalasi. Nanenso ndinasuzumira. Pa yakudayo timizere tonse ta chizindikiro ndi zilembo tinali chiimire, takuthwa. Pa yowalayo panali mikwingwirima yokhayokha, ngati munda wodutsamo ng'ombe zokoka nthambi.

"Amene amagula kwa ine safuna kuwala, bambo," anatero motsitsa mawu. "Amafuna ndalama yokhala ndi khungu lake la zaka. Izi mwazisenda. Tsopano ndi za pa balansa basi, zokasungunula."

Mtengo umene anatchula unali wa mchere, sopo ndi kambewu kodzala kuseri kwa nyumba. Ndinaona zala za amayi zija. Ndinakuwa kuti ndi wakuba, kuti chinthu choyera sichingachepe mtengo kuposa chakuda, kuti akutidyera masuku pamutu chifukwa ndife obwera kothawa. Ndinamenya tebulo ndi phazi, ndalama zinamwazika m'fumbi. Apa ndiye panagwa mawu aja ndi mbama ija. Ndili pansi, dzanja langa linagwera pa eskudu imodzi ya pulata, ndipo ndinaifumbata osaisiya. Patarawu anagwada n'kuyamba kutola yekha. Amalume anapepesa, anagulitsa.

Kunyumba amalume anafotokoza zonse ali chiimire, osakweza mawu, n'kumaliza ndi kuti mawa mwana anyamuka. Amayi sanalire. Anangoyang'ana zala zawo, kenako anatenga mtsuko n'kupita kudambo, ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti munthu uja anatibera. Ku Chidzolomondo ndinakhalako mpaka manja anga anazolowera utomoni wa fodya, ndipo shikola ndinaibwerera ndevu zitayamba kumera, ana akunditcha agogo a m'kalasi. Sekondale ndinamaliza mwa makani basi. Tsopano ndinaziona ndekha pa foni, momwe osunga ndalama zakale amazigwirira m'mphepete mokha, momwe amakanira yokwechedwa ngakhale ikhale ya pulata yeniyeni. Mwina pa balansa anatidyerapo, amalonda ndi amalonda, koma za khungu lija sananame. Zimenezi zimandipsetsa mtima koposa, chifukwa wakuba ukhoza kumutukwana. Nanga ukhondo wa amayi ako ungautukwane? Amayi anga kuyambira chilimwe chimenecho sanakwechenso poto. Anamwalira mapoto awo ali bii, ndipo azimayi obwera pamaliro ankanong'onezana kuti anali munthu wauve.

Koma tsiku lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti munthuyo akufuna zakuda, ndipo chimene chinazidetsa ndi dothi la pansi pa mpoza. M'mawa mwake, amalume akundidikira panjira ndi kamtolo kanga, ndinazemba n'kupita kuseri, pa dzenje lija. Ndinaika eskudu yanga pansi penipeni, ndinakwirira, n'kupondaponda ndi chidendene. Ndinauza Rozina kuti asauze munthu, ikadzada tidzaigulitsa ndipo ndidzabwerako. Kenako ndinapukuta manja m'kabudula n'kutsatira amalume.