Maikulosikopu Yobwereka ya a Daka

A Ezekieli Daka anabadwira ku Mkaika, ndipo tsitsi lawo linachita imvi akuphunzitsa pa kasukulu ka zachipatala kamene mpingo unamanga ku Sinda. Kasukuluko kankalandira ana a alimi a mtedza ndi thonje, amene masukulu a ku Lusaka sankawayang'ana n'komwe. A Daka ankadziwa kujambula tizilombo ta malungo ndi choko mpaka munthu kumva kuzizidwa. Koma choko si diso. Maikulosikopu ya m'labu mwawo, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, inachita nkhungu kalekale, ndipo ana ambiri ankamaliza maphunziro asanaonepo kachilombo kenikeni.

Chaka china kunamveka kuti akubwera oyendera masukulu a zachipatala, ndipo sukulu yopanda zipangizo aitseka. A Daka anachita mantha. Anachita zimene aliyense amachita kwawoko pakagwa maliro: mbale zikachepa, umakabwereka kwa mnansi. Anakwera galimoto mpaka ku Vubwi, kwa Yunesi, mtsikana amene anamuphunzitsa okha, yemwe tsopano ankayang'anira labu ya kachipatala kena kakumudzi, kukam'bwereka maikulosikopu.

"Aphunzitsi, ndi imodzi yokhayi," anatero Yunesi. "Mabwana akapeza kuti palibe, ntchito yanga yatha."

"Mwana wanga, Lachisanu ikhala itabwerera. Ndani amafika kuno?"

Yunesi sakanawakaniza. Anaikulunga m'chitenje n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Oyenderawo sanabwere tsiku limene ananena. Lachisanu linadutsa, linanso n'kudutsa. Yunesi ankaimba foni, a Daka n'kumangoti apirire pang'ono. Mawu ake ankachepa tsiku ndi tsiku, mpaka analeka kuimba. Ku Vubwiko odwala chifuwa ankawabweza kuti adzabwerenso, ndipo ena sanabwerenso.

Potsiriza oyenderawo anafika, m'mawa, pa galimoto yoyera. Mkulu wawo anali mayi wosaseka, a Mbewe. Anasuzumira m'maikulosikopu muja, anafunsa ana mafunso, ana n'kuyankha bwino ndithu, chifukwa masabata amenewo anali ataona ndi maso awo zimene ankangozimva.

"Labu yanu ili bwino, bambo," anatero a Mbewe. "Sukulu ipitirire."

Mtima wa a Daka unakhala pansi. Anawaperekeza mpaka pa galimoto, akuganiza kale zonyamuka m'mawa mwake kukabweza katundu wa eni. Mwaulemu chabe, anafunsa ngati alendowo akubwerera ku Chipata.

"Ayi, tidakali ndi ntchito," anayankha a Mbewe akutseka chitseko. "Kwabwera dandaulo kuchokera ku Vubwi. Akuti kachipatala kena kasiya kuyeza odwala, ndipo makina asowa. Tikufuna tikamupeze mwini labuyo dzuwa lisanalowe."

Galimoto inatuluka pachipata. Ana anayamba nyimbo yothokoza Mulungu m'kalasi, akudikira aphunzitsi awo. A Daka anatulutsa foni, napeza dzina la Yunesi, koma chala chinakana kudina.