Madzi owira mwakachetechete

Lachinayi

Ndikulemba izi manyazi asanandichoke. Lero aphunzitsi athu a sayansi, a Kamwendo, amasankha wokaimira sukulu kumpikisano ku Lilongwe, ndipo ine ndadzigwetsa ndekha.

Nkhani yanga inali ya malo opangira magetsi a nyukiliya. Ndinanena molimba mtima kuti oyang'anira makina kumeneko sangalakwitsenso, chifukwa masiku ano amawerenga manambala pakompyuta, osati kuchita kupenekera pamene kamuvi kaloza. Pofuna kutsimikiza, ndinaika madzi pamoto n'kuviikamo choyezera kutentha chathu chatsopano, chija chimalemba manambala.

Posakhalitsa chinalemba 100.

"Taonani, awira!" ndinalengeza.

Madziwo anali phee, opanda ngakhale kathovu. Ndinawaona ndi maso angawa, koma ndinakakamira nambalayo. Choipitsitsa, ndinaphatikizapo bodza: "Kuno ku Dedza n'kozizira, ndiye madzi amawira mwakachetechete."

Mnzanga Chikondi anadzuka n'kuviikamo chala. "Iwe Tadala, awatu ngosambitsira khanda!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Kamwendo anandilozera kachilembo F pakona pa choyezeracho. Pogwiragwira ndinali nditadina kabatani, chinthucho n'kuyamba kuwerenga m'muyeso wina, wa F, osati wa C umene madzi amawira pa 100. Kachilembo kochepa ngati nsabwe! Anapanga zoterezi ndani? Komabe ndisanamizire makina. Nthunzi panalibe, ndipo ndimadziwa.

"Mukanakhala kunyukiliyako, mayi," anatero aphunzitsiwo, "bwenzi pano tonse tikuthawira ku Mozambiki."

Ku Lilongwe kukupita Chikondi ndi chala chakecho. Wabwera kale kudzabwereka notsi zanga, ndipo ine, chitsiru, ndamupatsa zonse.