Miyeso Yomaliza ya Bambo

Makina osindikiza zinthu amene banja lathu linasankha tinatsala pang'ono kuwakana chifukwa cha mamilimita atatu, ndipo cholakwa sichinali cha makinawo.

Shopu yathu ili ku Rutendo, kuseri kwa nyumba imene bambo anapatsidwa akugwira ntchito ku fakitale yaikulu ya zitsulo ya ku Redcliff. Fakitaleyo itazima, bambo ndi achimwene anamanga ng'anjo yaing'ono, n'kuyamba kusungunula zitsulo zakutha kuti azipanga zipangizo za mapampu. Ogula athu ambiri ndi makorokoza a ku Silobela, anthu okumba golide m'maenje. Mvula ikagwa maenjewo amadzaza madzi, ndipo pampu ikaima ntchito yonse yaima. Chimene chimatha msanga m'pampu ndi impela, gudumu la mapiko lokankha madzi. Madzi a m'mgodi amakhala ndi mchenga, ndipo mchengawo umadya impela ngati sopo.

Ntchito imayenda chonchi. Bambo amasema impela ya thabwa, imene timaitcha patani. Achimwene amaikwirira mumchenga wonyowa, kuitulutsa, n'kuthira chitsulo chamoto m'malo amene yasiya. Popanda patani palibe chothira. Koma manja a bambo anali atayamba kunjenjemera. Tiyi ankamwa atagwira kapu ndi manja awiri, ndipo chosemera chinkawapulumuka. M'tauni yonse panalibe wina wodziwa ntchitoyo amene akanalola kugwira pashopu yaing'ono ngati yathu. Mapatani akale anali kung'aluka imodzi imodzi.

Ntchito yosankha makina anandipatsa ine. "Iwe unakhala ku nyuzipepala, za makina osindikiza umazidziwa," anatero amayi. Ndinawafotokozera kuti ntchitoyo isanandithere ine ndinkalemba nkhani, makina sindinawagwirepo, komanso kuti awa sasindikiza mapepala. Anati zonse n'kusindikiza basi.

Ndinafufuza monga ndinkafufuzira nkhani. Ndinapeza kuti oyenera kuwaganizira analipo mitundu itatu. Ena amasungunula ufa wa chitsulo n'kutulutsa impela yeniyeni. Achimwene anawakonda amenewo. Koma amafuna ufa wochokera kunja, mpweya wapadera wa m'mabotolo, ndi magetsi osaphethira, pamene ku Rutendo magetsi amachoka osatsanzika. Ena amasindikiza chikombole cha mchenga, koma ndi aakulu ngati chipinda ndipo amafuna mchenga wawowawo. Otsala amasungunula chingwe cha pulasitiki n'kumachiyala mzere pamwamba pa mzere mpaka patani itaima. Amenewa ndiwo ankalowa m'malo mwa manja a bambo osasintha ntchito ya achimwene.

Ogulitsa ndinkawafunsa zinthu zofanana. M'kati mwake mungalowe patani yaikulu bwanji? Magetsi akathima ntchito ili pakati, amapitiriza kapena amayambiranso? Ali ndi chitseko choteteza fumbi? Akawonongeka akonza ndani, ndipo amakhala kuti? Ambiri ankandiyankha ndi zithunzi zokongola. Wogulitsa mmodzi wa ku Harare anayankha zonse, ndipo analonjeza kutisindikizira patani yoyesera. Anandichenjezanso kuti makina oterowo anali nawo amodzi okha, ndipo munthu wina wa ku Gweru ankawafuna.

Mpata wogula tinali nawo umodzi. Achimwene anali atagulitsa lole yawo chifukwa cha makinawa. Ndikadutsa pamalo pamene loleyo inkaima, ndinkaona dontho la mafuta pansi.

Makina otere amafuna chojambula cha pakompyuta. Wodziwa kujambula pabanja pathu ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene anaphunzira zimenezi kukoleji. Apa m'pamene panali vuto. Kwathu bambo ndi mkazi wa mwana wawo ndi apongozi, ndipo sayankhulana maso ndi maso. Bambo akakhala pakhonde, mlamu amalowera khomo la kuseri. Bambo akamapita kukhitchini amayamba atsokomola. Anansi athu achishona amati ife timawonjeza, kuti muroora, mkazi wa mwana wako, si mkango. Amayi amangowayang'ana. Mwambowu anabwera nawo makolo awo kuchokera ku Malawi, ndipo ausunga kuposa mmene tasungira chiyankhulo.

Choncho mthenga ndinali ine. Impela imene wogula wina wa ku Silobela anabweretsa inali itadyeka moti panalibe choyeza. Bambo anatsitsa patani yawo yakale, yong'aluka pakati, n'kuiyeza ndi kalipa, choyezera cha mano awiri, ine ndikulemba manambala pafoni. Ndinadutsa pabwalo kupita kwa mlamu. Anayang'ana manambalawo kwa kanthawi.

"Alamu, kawafunseni apongozi ngati imeneyi ndi miyeso yomaliza."

Ndinabwerera kushopu.

"Yomaliza," anatero bambo. "Ukawauze apongozi kuti ndi yomaliza."

Mawuwo ndinawafikitsa mmene analili. Ku nyuzipepala anatiphunzitsa kuti mawu a munthu sawonjezera kapena kuchotsera.

Patani yoyesera inabwera pa basi, yopepuka, yotuwa. Bambo anaisisita ndi chala. "Haikona," anakana m'chilapalapa chawo cha kufakitale. "Choseweretsa ana ichi." Koma anatenga sandipepala n'kuisalaza okha. Achimwene anathira chitsulo. Impela inatuluka yooneka bwino, mapiko onse athunthu.

Mwini pampu anabwera kuchokera ku Silobela pampuyo ili kumbuyo kwa galimoto. Ndi munthu wamfupi wa mawu aakulu, ndipo makorokoza anzake amamumvera. Anakweza impela, kuilozetsa, kuikankha. Inakana. Anaitembenuza, kukankhanso.

"Hazvipindi, mudhara," anauza bambo, kutanthauza kuti sikulowa, mdala. Kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa chake chophunzirira mumsewu. "Iwe wa nyuzipepala, wandipangira chivundikiro cha poto?"

Achimwene anayeza. Impela inali yaikulu ndi mamilimita atatu. Munthuyo analoza kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse. Anati adikira pang'ono chifukwa cha ulemu wa mudhara, koma mvula ikayamba adzakagula ku Bulawayo. Sananene kuti anzake amutsatira. Tonse tinkadziwa.

Galimoto itachoka achimwene anaponya impela pamulu wa zitsulo zakutha.

"Makina ako ndi abodza. Umuimbire munthu wakoyo, umuuze kuti awapatse wa ku Gweru."

"Ndiye mapatani asema ndani, achimwene?"

"Usandifunse ine. Lole yanga yapita chifukwa cha mafunso akowo."

Bambo anakhala pabenchi manja ali pakati pa mawondo.

Ndinaimbadi foni, koma sindinakane makinawo. Ndinamuuza wogulitsa zimene zachitika. Anayankha mosatekeseka kuti makina ake amasindikiza zimene apatsidwa. Sindinamukhulupirire, popeza wogulitsa aliyense angatero. Ndinapempha kuti asawapereke kwa wina mpaka nditamuimbiranso. Anati sangalonjeze nthawi yaitali.

Ngati makinawa anali olakwa, ndiye kuti kufufuza kwanga konse kunali kwachabe, ndipo panalibe nthawi yoyambiranso mvula isanagwe. Ndikawakana ali abwino, shopu idzatha pamodzi ndi manja a bambo. Njira inatsala imodzi, yomwe ndinkaidziwa: nkhani ikasemphana, umabwerera kwa aliyense amene anakuuza.

Ndinayamba ndi patani ya pulasitiki. Ndinaiyeza n'kufanizira ndi chojambula cha mlamu. Zinali zofanana ndendende. Wogulitsa sananame. Kenako ndinafanizira chojambulacho ndi manambala a pafoni yanga. Chojambula chinali chachikulu.

"Ndinawonjezera," anatero mlamu, osaoneka kudabwa. "Chitsulo chimachepa chikamazizira. Patani iyenera kukula milimita imodzi pa masentimita khumi alionse. Apongozi anati miyeso ndi yomaliza, ndiye kuti ya impela ikatha kuthiridwa."

Ndinathamangira kushopu. Bambo anamva, n'kudzuka kukatsitsa rula imene imakhala pamsomali. Ndakhala ndikuiona kuyambira ndili mwana. Anaigundanitsa ndi rula wamba. Poyambira mizere inkagwirizana, koma chakumapeto inali itasiyana. Rula ya osema mapatani ili ndi mizere yotalikirana pang'ono mwadala, kuti chowonjezera chija chizilowa chokha m'thabwa.

"Patani imene ndinayeza ndinaisema ndi iyi," anatero. "Chowonjezera chinali kale m'katimo. N'chifukwa chake ndinati yomaliza. Yomaliza ndiye kuti osawonjezeranso kanthu."

Onse awiri anali atakumbukira kuti chitsulo chimachepa, ndipo tinawonjezera kawiri.

Ndinadutsa pabwalo kangapo ndi mafunso ndi mayankho, mpaka ndinaona kuti ndikuyambitsanso zomwezo. Mawu ena ngati "yomaliza" aja akanatha kubisala paliponse. Ndinapempha mlamu kuti abwere ndi kompyuta m'shopu. Anakhala kuseri kwa chitseko. Bambo anakhala panja pabenchi atayang'ana mpanda. Ine ndinaima pakhomo.

"Uwauze apongozi kuti mapiko azipendekeka pang'ono, kuti patani izituluka mumchenga osagumula," anatero bambo.

"Alamu, auzeni apongozi kuti ndinapendeketsa kale. Afunseni ngati zakwana."

"Uwauze kuti zakwana, koma pakati papyapyala, pachepa nyama."

Ndinasiya kubwereza, chifukwa ankamvana bwinobwino. Iwo sanazindikire. Achimwene anabwera n'kutsamira khoma, mkwiyo utayamba kuwathera.

"Wa nyuzipepala ntchito yamuthera kachiwiri," anatero.

Kenako bambo, maso ali pampanda, anafunsa kuti, "Nanga mkuwa mumawonjezera bwanji, apongozi?"

Sanati "uwauze". Mlamu anayang'ana pansi, n'kuyankha motsitsa mawu kuti milimita imodzi ndi theka.

"Eya," anatero bambo. "Anakuphunzitsani bwino."

Amayi anali pachingwe akuyanika zovala, ndipo anamva zonse.

"Inu bambo a ana! Mwayamba liti zimenezi?"

"Ndikuyankhula ndi kompyuta," anatero bambo.

Amayi sanaseke. Anati ngati ntchito ikufuna kuti apongozi aziyankhulana, njira yake ilipo. Makolo a mlamu aitanidwe, bambo apereke mphatso, anthu adyere pamodzi, manyazi achotsedwe poyera. Osati kubera mawu kuseri kwa chitseko.

Ndinamuimbira wogulitsa n'kumuuza kuti cholakwa chinali chathu, ndipo ndinapempha patani yachiwiri. Anadandaula za pulasitiki yake ndi za munthu wa ku Gweru, koma anavomera. Podikira basi ndinkangoyang'ana kumwamba. Mvula yoyamba inawaza pang'ono n'kusiya fungo la dothi, ndipo tsiku lonselo ndinkayembekeza uthenga woti wa ku Silobela wapita ku Bulawayo.

Patani itafika, achimwene n'kuthira chitsulo, munthuyo anabwera. Impela yachiwiri inalowa. Anaizunguza ndi dzanja, khutu ali nalo pafupi, kumvetsera ngati ikukhula. Sinakhule.

"Mushe, zili bwino," anatero. "Poto wapeza chivundikiro chake. Ndipangireni zina, anzanga akudikira."

Madzulo omwewo ndinauza wogulitsa kuti makina tawatenga.

Mtima sunakhale pansi. Impela imodzi yatsimikiza za impela imodzi basi. Zoti makinawa amapitiriza magetsi akabwerera ndinaziona pa foni, osati ku Rutendo. Wokonza wa ku Harare sindinamuonepo nkhope. Achimwene amanga kachipinda kopanda fumbi pamalo pamene lole inkaima, ndipo akamadutsa samayang'anako kawiri.

Makina akuyembekezeka kufika sabata yamawa. Amayi alamula kuti bokosi lisatsegulidwe makolo a mlamu asanafike kuchokera ku Gokwe, ndipo uthenga wabwera woti anyamuka msewu ukalola. Bambo agula kale nsalu ndi nkhuku. Ntchito yoyamba idzakhala patani ya thupi la pampu, imene manja awo akhala akuilephera. Miyeso yake adzaipereka okha kwa apongozi awo, atakhala patebulo limodzi, rula ziwiri zija zili pakati pawo.