Mizele ya pa Thanthwe la ku Nyalugwe

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi beseni la nthochi pamutu. Ndinali nditamaliza giledi 12 ku Minga, koma za koleji zinakanika, ndiye amai aang'ono ananditenga kuti ndizikawathandiza malonda pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba. Amene anapitapo pa Nyimba adziwa: basi isanaime bwino, ife tafika kale pa mawindo, kugundana zigongono. Zaka ziwili ndinathamangila mabasi, ndipo ndinatopa nazo mpaka m'mafupa.

Tsiku lina panaima galimoto yoyela, fumbi lokhalokha. Munatuluka mzimai wamfupi wovala nsapato zazikulu za m'thengo, natambasula mapu pa boneti. Ine ndinapita kuti andigule nthochi, koma pakamwa pangapa sipadziwa kutseka. Ndinasuzumila nkunena kuti, "Amai, ngati mufuna ku Nyalugwe, mseu mwalozawo ndi wa ku Mwape."

Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi. "Umawelenga mapu iwe?"

"Jogilafe ndiye ndinakhoza bwino kusukulu."

"Nanga Chinsenga?"

"Ndinayamwila kubele."

Anaseka, nagula nthochi zonse za m'beseni. Amenewo anali amai Njobvu, katswili wa miyala ndi nthaka wochokela ku Lusaka. Anali kufuna munthu wowathandiza m'thengo ndi wolankhula ndi eni minda. Sanandinamize. Anati, "Dailesi, ndikuyesa mwezi umodzi. Ukakhoza, ukhala nafe mpaka nchito yonse ithe, ndipo uphunzila zambili. Ukalephela, ndikubweza pano pomwe ndakupeza."

Nchito yake inali yolemba mapu a zimene zagona pamwamba pa dziko: pomwe pali mchenga wa mtsinje, pomwe pali makande a m'dambo, katondo, nsangalabwi, ndi pomwe thanthwe laonekela. Tinali kuuka kumamawa dzuwa lisanapse. Tikafika pamalo, choyamba ndinali kuyatsa jipiyesi, kachipangizo kouza pomwe waima, nkulemba manambala ake m'buku ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imasungunuka ndi thukuta. Kenako ndinali kupotokola oga, chitsulo choboolela pansi, nkuyala dothi lotuluka pa saka motsatizana, lapamwamba kumanzele, lapansi kumanja. Dothi lililonse tinali kulinyowetsa pang'ono nkulifikisa pakati pa zala. Likamakanda chala ndi mchenga, likamata nkupanga kansoseji kosathyoka ndi makande. Lina tinali kusefa ndi masefa atatu osanjikizana, nkuika m'matumba olembedwa nambala panja ndi kapepala kena mkati. Madzulo amai Njobvu anali kupaka mapu ndi makilayoni, mchenga wachikasu, dambo lobiliwila, ndipo dziko lathu lomwe ndinali kungoliona ngati thengo linayamba kuoneka ngati chitenge.

Ndinaikonda nchito imeneyo, mwandi! Ndinagula nsapato zanga zoyamba za zingwe. Ndikapita kumudzi Loweluka, anzanga anali kundiitana kuti a Injiniya, ine osakana.

Koma panali chinthu china chimene amai Njobvu anali kuchifuna koposa zonse. Anati kalekale, zaka mamiliyoni ambili zapitazo, dziko lino linakutidwa ndi madzi oundana, aisi wokhuthala ngati phili, woyenda pang'onopang'ono akukoka miyala kunsi kwake. Pomwe anapita anasiya zizindikilo ziwili: thanthwe losakanizika miyala ikuluikulu ndi ing'onoing'ono ngati konkile, ndiponso mizele yokandika pamwala, yoongoka, yonse yoloza mbali imodzi.

A Sakala, dalaivala wathu, Mnsenga wa nthabwala, anagwila chiongolelo nkuseka mpaka kutsokomola. "Aisi ku Nyimba kuno? Amai, ngati anatsalako pang'ono mundiuze, fanta yanga yatentha."

Inenso poyamba ndinati awa ndi mabodza a anthu ophunzila. Koma anandionetsa zithunzi za m'buku, ndipo kuyambila pamenepo thanthwe lililonse ndinali kuliyang'ana ngati ndataya ndolo.

Mlungu wotsiliza wa mwezi wanga woyesedwa, tinali kumbali ya Nyalugwe, komwe dziko liyamba kutsetseleka kulinga ku Luangwa. Lachitatu masana amai Njobvu anatsala pa msasa kulongosola matumba, nanditumiza ndekha kukatsata kamtsinje kouma. Pamalo pena kanjila kanadutsa pa thanthwe losalala. Nditaponda, ndinaima chilili. Mizele! Yoongoka, yambilimbili, yonse yoloza kumodzi. Ndinajambula ndi foni, nkuthamanga mpaka pa msasa osapuma.

Amai Njobvu ataona zithunzi anavula magalasi, nawavalanso. Kenako mzimai wamkulu uja anayamba kuvina pakati pa matumba, a Sakala akuomba chigubu cha madzi. "Dailesi, mwana iwe! Miyezi itatu ndafunafuna!" Dzuwa linali litapendeka, nthawi yopitako panalibe. Pomwepo anaimbila foni aphunzitsi awo akale, a Pulofesa, amene mwamwai anali pa Petauke mlungu umenewo. Anagwilizana kuti mailo lake m'mamawa akawatenga ndi galimoto, abwele adzaone okha.

"Iwe ulawile kukayeza," anandiuza. "Mizele makumi asanu. Tikupeza konko masana. Ndipo za mabasi uiwale."

Ndinakondwa kosaneneka. Akulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachinai ndinafika pa thanthwe mame asanaume. Ndinasesa ndi bulashi, nkuyamba monga anandiphunzitsila: kugoneka kampasi m'mbali mwa mzele, kudikila singano ikhazikike, kuwelenga nambala, kulemba, nkuika kadontho ka choko kuti ndisabwelezepo. Manambala anali kubwela ofanana bwino, ine nkumaimba nyimbo za kwaya. Nditafika pa mzele wa makumi anai ndi chisanu ndi chiwili, ndinamva mluzu ndi kulila kwa chikwapu kumtunda.

Kunatulukila bambo wina ndi ng'ombe ziwili pa joko. Kumbuyo zinali kukoka pulawo, ataigoneka cham'mbali monga timachitila popita kumunda. Ndinapatuka. Ng'ombe zinakwela pa thanthwe, pulawo nayo inakwela, ndipo ndinamva kweee! Zitadutsa, pakati pa madontho anga a choko panali mzele watsopano, woyela mbee, woongoka, woloza komwe inaloza inzake yonse.

Mayo ine!

"Mwauka bwanji amai?" anatelo bamboyo, akuimitsa ng'ombe. "Mwataya chiyani pamwala?"

"Ndauka bwino bambo. Kodi... pano mumapita masiku onse?"

"Ine? Kuchokela pomwe ndinasamuka ku Katete. Dimba langa lili kutsidyaku. Ndine Banda, aliyense andidziwa, poti ng'ombe kuno ndili nazo ndine ndekha."

Taonani manyazi ake. Ine mwana wa ku Minga, wokulila kumbuyo kwa pulawo, amene atate anandikalipila kambili chifukwa chokokela pulawo pamiyala! Koma kumbali imeneyo ng'ombe ndi zosowa chifukwa cha nchenche ya kashembe imene imazipha, anthu amalima ndi makasu, ndiye za pulawo sizinabwele m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Ndinaona chimene ndinali kufuna kuona.

A Banda anapita. Ndinatsala ndekha ndi buku langa la manambala okongola. Ndinaganiza za amai Njobvu akuvina, za a Pulofesa omwe anali m'njila chifukwa cha ine, za beseni londidikila ku Nyimba. Ndinena zoona pano, ngakhale sizikoma: ndinakumba matope pansi pa mchenga wa kamtsinje, nkupaka pa mzele watsopano uja mpaka unada ngati inzake. Ndinathyola nthambi nkufafaniza mapazi a ng'ombe. Mumtima ndinati, akazindikila okha, ndinena kuti sindinadziwe.

Nditamaliza ndinakhala pamthunzi, koma mtima sunakhale. Ndinali kudziwa komwe manambala aja adzapita: pa mapu, ndi kamuvi kosonyeza kuti aisi anayenda kuchoka uku kupita uko. Ana a sukulu adzaloweza njila ya ku dimba la a Banda. Ndipo amene adzasekedwa zikadzaululika si ine wogulitsa nthochi iai, ndi mzimai amene anandikhulupilila. Ndinalila pang'ono. Kenako ndinatenga madzi anga akumwa, onse, nkutsuka matope aja mpaka mzele unayelanso.

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu. A Pulofesa anali nkhalamba yaitali ya imvi, kamela ili pakhosi. Amai Njobvu anali kumwemwetela kuchokela kutali. "Uyu ndiye Dailesi ndinakuuzani uja."

Sindinadikile kuti afike pa thanthwe. Ndinagwada pang'ono. "Amai, mundikhululukile. Si aisi. Ndi pulawo ya a Banda."

Ndinafotokoza zonse, ndi za matope zomwe sindinabise. Amai Njobvu anapita pa thanthwe, nagwada, natulutsa kagalasi kokulitsa zinthu kamene kanali pa chingwe m'khosi mwawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali kuwelenga kale m'mutu zovala zoti ndilongedze.

Amene anayamba ndi a Sakala. Anayesa kudzigwila, masaya akutupa, kenako anaphulika. "Kansi aisi wanu ali ndi nyanga!" A Pulofesa nawo anagwila bondo, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Ngati kuti zinapangana, a Banda anatulukila kuchokela ku dimba, ndipo pulawo inalilanso kweee pamaso pa tonse. A Pulofesa anajambula chithunzi, nati akaphunzitsila ana awo a sukulu ku Lusaka. A Banda anaima nganganga pambali pa ng'ombe zawo, osadziwa kuti atchukila chiyani.

Amai Njobvu anandiitana. "Bwela, gwada apa. Ona." M'kagalasi ndinaona tinyenyeswa ta chitsulo tonyezimila m'mzele watsopano, ndi dzimbili lofiila m'mizele yakale. "Aisi sasiya dzimbili," anatelo. "Ndikanabwela dzulo... iai, ndikanabwela ndekha ndisanaimbe foni. Cholakwa chimenecho ndi changa, si chako. Chako ndi matope."

"Inde amai."

Ndinatenga buku kuti nding'ambe masamba aja. Anandigwila dzanja. "Buku la m'thengo siling'ambidwa. Jambula mzele umodzi pamwamba pa manambala, aziwelengekabe, ulembe chifukwa chake pambali." Ndinalemba kuti: pulawo ya a Banda. Anawelenga, natseka buku, nandibwezela. "Lolemba tiyamba mbali ya Mwape. Ubwele ndi madzi okwanila, poti ena umatsukila miyala."

Pamenepo ndinadziwa kuti ku mabasi sindibwelelanso. A Banda anatipatsa tomato ndi lepu wa ku dimba kwawo, ndipo pobwelela m'galimoto munali phokoso ngati tichoka ku ukwati.

Chimene tinali kufuna chinapezeka patapita milungu isanu, m'khonde la kamtsinje kena ku Mwape. Ndinaona thanthwe lotuwa, losakanizika miyala ya misinkhu yonse ngati konkile. Sindinathamange, sindinaitane munthu. Ndinayamba ndakwela kumudzi wapafupi kukafunsa amai ena omwe anali kusenda nshawa ngati pamenepo pamadutsa ngolo, ngati amanolelapo nkhwangwa, ngati panamangidwapo mlatho wa simenti. Anati iai, kumeneko kumapita anyani chabe. Nditabwelela ndinatenga hamala ndi chizulo chosemela miyala, nkugogoda mozungulila mwala umodzi waukulu ngati chibakela mpaka unazuka. Ndinautembenuza. Kunsi kwake, mbali imene inali yomatilila mkati mwa thanthwe, kumene dzanja la munthu silinafikeko chilengedwele dziko, kunali kosalala, ndipo kunali timizele toongoka. Ndinayang'ana ndi kagalasi kawili konse. Dzimbili panalibe.

Pamenepo ndiye ndinakuwa, "Amaaai!" mpaka anyani anathawa. Amai Njobvu anafika wefuwefu, anaulandila ndi manja awili, ndipo tinavina awilife pa mchenga wotentha popanda ng'oma.

Lelo ndili ndi zaka zingapo pa nchito imeneyi, ndayenda m'maboma ambili, ndipo ndimatuma anthu anga. Ena amabwela ndi mapepala a sukulu oposa anga, ndipo amadabwa ndikawaletsa kutulutsa kampasi. Ndimawauza kuti safunsa anadya phula: yambani mwapita kumudzi, mupeleke moni, mufunse amene amadutsa pamenepo ndi chimene amakoka. Ndipo wina akabwela kwa ine nkhope ili pansi, nati, "Amai, ndalakwitsa," ndimayamba ndamupatsa madzi akumwa. Ndidziwa kutalika kwa ulendo umene wayenda kuti anene mau amenewo.