Tsiku Limene Chelo Chinati Zii

Bambo okhala chipinda choyandikana ndi mayi wosoka zovala amaimba chelo, chivayolini choimika pansi chija, motsatana ndi madzi odontha pampopi. Nyimbo yake ndi yobwerezabwereza pamodzimodzi. "Nyimbo yabwino ilibe phuma," amatero. Mayiyo amadandaula, komabe phazi lake linazolowera kupalasa makina motsatira nyimboyo.

Tsiku lina madzi ankadontha okha, chelo chili zii. Mayiyo anasiya diresi pamakina n'kukakankha chitseko, poganiza kuti bambowo agwa.

Anawapeza ali tsonga, kauta koimbira kali pamwendo.

"Kwagwanji, bambo?"

"Ndafika tsamba lomaliza la nyimboyi, mayi. Wopeka analemba kuti apa ndidikire."

Mayiyo anakhala pansi.

"Dikirani ndithu. Koma mukamadikira muzitsokomolako."